Funsani Amisiri: Kodi kukhota kwa njanji kumayezedwa bwanji?

Makalata a mwezi uno onse akhudza makona a njanji. Akuyankha ndi amisiri a ntchito yoyeza ndi kusamalira njanji.

Funso: Ndikuphunzira za uinjiniya. Buku lina la ku America likunena za kona ya njanji ya madigiri 4, pamene la ku Ulaya likutchula makona m'mamita okhaokha. Kodi akuyeza chinthu chimodzi? Nanga madigiri 4 okha n'kukhala kona? (Wophunzira, Blantyre)

Yankho: Akuyeza chinthu chimodzi, kungoti wina wachigwira kumutu, wina kumchira.

Tiyambe ndi mmisiri amene akulemba maziko a nyumba yozungulira. Amakhoma chikhomo pakati, amamangirira chingwe, kenaka amazungulira akulemba pansi ndi kamtengo. Kutalika kwa chingwe chimenecho ndiye rediyasi. Chingwe chikafupika, mzere umakhota msanga. Chikatalika kwambiri, mzere umakhota mwapang'onopang'ono moti woima pafupi amauona ngati wowongoka. Ku Ulaya, China, Japan ndi South Africa kona ya njanji amaitchula ndi rediyasi imeneyi, m'mamita. Mukaona R 400 papulani, ndiye kuti chikhomo chapakati chili pa mtunda wa mamita 400 kuchokera pakati pa njanjiyo.

Ku Britain nawonso amatchula rediyasi, koma kwa zaka zambiri ankaiwerenga m'matcheni, ndipo mawuwa sanathe. Tcheni imeneyi ndi ya Edmund Gunter ya m'chaka cha 1620: mafiti 66, kapena mamita 20.12, ndipo matcheni 80 amakwana mailosi imodzi. Kona yotchuka ya pa Morpeth, kumpoto kwa England, ndi ya matcheni 17, kutanthauza pafupifupi mamita 340. Mawu akuti chainage amene mumawamva kwa omanga misewu, potchula mtunda wa pamene afika, anachokera pa tcheni yomweyi.

A ku America ndi Canada anayamba ndi funso lina: kodi chikhomo chapakaticho angachifikire ndani? Pa kona ya njanji, pakati pake pamapezeka kuti ndi mumtsinje, m'nkhalango kapena kuseri kwa phiri. Chimene saveya anali nacho m'manja ndi tepi yachitsulo ya mafiti 100 ndi makina oyezera ngodya. Choncho anagwirizana zotchula kona ndi ngodya imene njanji imakhotera pa chingwe chilichonse chowongoka cha mafiti 100, omwe ndi mamita 30.48. Kona ya madigiri 4 ndi imene sitima imatembenuka madigiri 4 ikayenda mafiti 100, madigiri ena 4 pa mafiti 100 otsatira, mpaka konayo itatha.

Ubwino wake umaonekera pokhoma zikhomo. Saveya amaimika makina poyambira kona, moyang'ana mzere wowongoka. Amawatembenuza theka la digiri ya konayo, apa ndi madigiri 2, ndipo mnzake amakoka tepi mafiti 100 n'kukhoma chikhomo choyamba. Amatembenuzanso kufika pa madigiri 4, tepi iyambira pa chikhomo choyamba chija, akhoma chachiwiri. Kenaka 6, kenaka 8. Kona yonse imatha osapondako pakati pake komanso osachita masamu ovuta m'tchire.

Kuti musinthe madigiri a ku America akhale mamita, gawani 1,746 ndi madigiriwo. Digiri 1 ndi mamita 1,746, madigiri 4 ndi mamita 437, madigiri 10 ndi pafupifupi mamita 175.

Ophunzira amagwa m'mbuna zitatu. Yoyamba: manambala awiriwa amayenda mosemphana. Rediyasi ikakula, kona yamasuka, koma madigiri akachuluka, kona yathina. Yachiwiri ndi maminiti. Digiri imodzi ili ndi maminiti 60, choncho 2°30' ndi madigiri 2.5, rediyasi ya mamita 698. Amene waiwerenga ngati 2.3 apeza mamita 759, ndipo wamasula kona papepala pokha. Yachitatu ndiyo funso lanu lachiwiri lija: digiri ya kona si ngodya yonse imene njanji yatembenuka. Horseshoe Curve ya kufupi ndi Altoona ku Pennsylvania, imene inatsegulidwa mu 1854, imatembenuza sitima madigiri pafupifupi 220 onse pamodzi, koma digiri ya kuthina kwake ndi pafupifupi 9, rediyasi ya mamita pafupifupi 190.

Funso: Ngati ndi choncho, digiri ya kona ndi imodzimodzi kulikonse kumene amagwiritsa ntchito madigiri? (Wophunzira yemweyo, m'kalata yachiwiri)

Yankho: Ayi, ndipo mwachita bwino kufunsa. Digiri ya kona ilibe tanthauzo ngati simunauzidwe kutalika kwa chingwe chimene anayezera.

Ku India amatenga chingwe cha mamita 30.5, chomwe ndi mafiti 100 aja atawasandutsa mamita, ndipo amagawa 1,750 ndi rediyasi. Kusiyana kwake ndi America n'kochepa. Malamulo awo amaika malire a madigiri 10, kapena kuti mamita 175, pa njanji yawo yotambalala ya mamilimita 1,676, ndi madigiri 16, mamita 109, pa njanji ya mita imodzi.

Ku Mexico muyeso wake ndi mamita 20, ndipo nambala yogawira ndi 1,146. Madigiri 4 a kumeneko ndi rediyasi ya mamita 286, osati 437. Pa liwiro lofanana, mphamvu yokankhira sitima kunja pa kona ya mamita 286 imaposa ya pa mamita 437 ndi theka lathunthu. Injiniya amene watenga tebulo la liwiro la dziko lina n'kuligwiritsa ntchito pa madigiri a dziko linzake walakwitsa moika miyoyo pachiswe.

Palinso kasiyanidwe kena kakang'ono ku America komweko. A njanji amayeza mafiti 100 pa chingwe chowongoka, pamene a misewu amawayeza motsatira kukhota kwa mzerewo. Pa madigiri 10, a njanji amapeza rediyasi ya mafiti 573.7, a misewu 573.0. Pa makona omasuka kusiyanako sikuoneka n'komwe, koma kumakula kona ikamathina. Langizo lathu ndi lakuti pepala lililonse limene mwalandira, lakale kapena lochokera kunja, muyambe mwasintha makona ake onse akhale rediyasi ya m'mamita, mulembe pambali, kenaka muyambe kuwerengera zina.

Funso: Ndimaphunzitsa masamu ku sekondale. Njanji ikakhala kuti inamangidwa kale ndipo mapulani palibe, rediyasi yake amaidziwa bwanji, popeza pakati pa konayo sipafikika? Ndikufuna ndiwaonetse ana. (Mphunzitsi, Balaka)

Yankho: Aphunzitsi, amaidziwa ndi chingwe, rula ndi choko. Kaya dziko limatchula madigiri, matcheni kapena mamita, munthu amene wagwada pa njanji amayeza chinthu chimodzi: mpata wa pakati pa chingwe chokokedwa ndi chitsulo cha njanji. Mpata umenewu amautcha versine.

Pamafunika anthu atatu, kuwonjezera pa alonda oyang'ana sitima. Amayamba ndi kulemba zizindikiro ndi choko kapena penti pa chitsulo chakunja kwa kona, pa mamita 10 aliwonse, n'kuzipatsa manambala: 0, 1, 2, 3, mpaka mapeto. Zizindikiro zimayambira pa njanji yowongoka, kona isanayambe, ndipo zimapitirira mpaka kutuluka mbali inayo. Chitsulo chakunja ndicho amayeza chifukwa ndicho chimatsogolera mawilo pa kona.

Anthu awiri amagwira chingwe cha mamita 20, wina pa chizindikiro 0, wina pa 2. Amachigunditsa kumbali yamkati ya mutu wa chitsulo, mamilimita 14 kutsika kuchokera pamwamba, pamene mlomo wa wilo (mkombero wake wotuluka umene umaliletsa kuchoka pa njanji) umakhudza. Ku America amatsika mamilimita pafupifupi 16. Wachitatu amagwada pa chizindikiro 1, amaika rula mopingasa, n'kuwerenga mpata wa pakati pa chingwe ndi chitsulo m'mamilimita. Akalemba, onse amasuntha chizindikiro chimodzi: chingwe pa 1 ndi 3, rula pa 2. Zingwezo zimapitana theka ndi theka mpaka kona yonse itatha. Ku Britain kuyeza kotereku amakutchula ndi dzina la Emile Hallade, injiniya wa ku France.

Masamu ake ndi awa: chulukitsani kutalika kwa chingwe ndi iko komwe, mugawe ndi 8, mugawenso ndi versine, mwapeza rediyasi. Pa chingwe cha mamita 20 zimafupika chonchi: 50,000 kugawa ndi versine ya m'mamilimita. Mukawerenga mamilimita 125, rediyasi ndi mamita 400. Mukawerenga 250, ndi mamita 200. Pa chingwe cha mamita 10, chimene amachikonda ku Japan, nambala yake ndi 12,500, ndipo kona yomwe ija ya mamita 400 imapereka mamilimita 31 okha. Onani kuti chingwe chikafupika ndi theka, versine imatsika kanayi. Amene wayeza ndi chingwe cha mamita 10 n'kugawa 50,000 adzati kona ya mamita 400 ndi ya mamita 1,600.

Maiko a madigiri anasankha zingwe zimene zimapereka yankho pompopompo. Ku America, pa chingwe cha mafiti 62, inchi imodzi ya versine ndi digiri imodzi ya kona. Ku India, pa chingwe cha mamita 11.8, sentimita imodzi ndi digiri imodzi. Woyeza safunanso kakyuleta.

Zimene zimasokoneza ndi zazing'ono. Chingwe chikhale chopyapyala komanso chosatamuka, ndipo chikokedwe zolimba. Kukhale kopanda mphepo, chifukwa pa rediyasi ya mamita 1,000 versine ndi mamilimita 50 okha, ndiye mphepo ikasuntha chingwe mamilimita 5, yankho laphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Wowerenga rula ayang'ane ali pamwamba penipeni, osati chammbali. Chitsulo chimene chadyeka m'mbali, kapena chimene chatulutsa kamlomo chifukwa chopondedwa, chimanamiza, ndiye n'chifukwa chake ena amaika timatabwa tofanana kukhuthala kumapeto onse a chingwe n'kuchotsera kukhuthalako powerenga. Chizindikiro chikagwera polumikizira zitsulo pamene papindika, lembani zimenezo m'buku, chifukwa nambala ya pamenepo idzalumpha.

Koma ana musapite nawo pa njanji. Ndi malo oletsedwa kwa amene alibe chilolezo, ndipo sitima yolemedwa ndi katundu imafuna mtunda wautali kuti iime. Pitani nawo pa bwalo la mpira. Mzere wozungulira wa pakati pa bwalo uli ndi rediyasi ya mamita 9.15. Akoke chingwe cha mamita 4, nsonga zonse zikhudze mzerewo, ayeze mpata wa pakati. Ayenera kupeza pafupifupi masentimita 22. Achulukitse 4 ndi 4, agawe ndi 8, agawenso ndi 0.22, apeza 9.1. Pa mzere wothina ngati umenewu, kuti yankho likhale lenileni amawonjezerapo theka la versine. Pa njanji chowonjezeracho n'chochepa moti amachisiya.

Funso: Ndangoyamba kumene ntchito m'gulu lokonza njanji. Pa kona ina, ndi chingwe cha mamita 20, tinawerenga 125, 115, 145, 115, 125. Akuluakulu anati tikankhe malo amodzi okha. Bwanji osakonza onse atatu olakwikawo? (Wowerenga, Liwonde)

Yankho: Akuluakulu anu ananena zoona. Malo olakwika ndi amodzi, enawo akungonamiziridwa.

Chizindikiro chilichonse chimagwira ntchito katatu: kamodzi rula imaikidwa pamenepo, kawiri chimakhala nsonga ya chingwe poyeza oyandikana nacho. Choncho malo amodzi akasunthira kunja ndi mamilimita 20, versine yake imakwera ndi 20, ndipo ya oyandikana nawo mbali zonse imatsika ndi theka lake, 10. Ndi zimene mwawerengazi. Kankhirani malo a 145 aja mkati ndi mamilimita 20: iwo atsika kufika pa 125, awiri a 115 akwera kufika pa 125. Mukanakankha onse atatu, mukanayambitsa vuto latsopano pa zizindikiro zoyandikana nazo.

Pa kona yonse amachita chimodzimodzi koma papepala, asanagwire jeke kapena mgwala. Amalemba versine zoyezedwa mu mzere umodzi, zofunika mu mzere wina, n'kuwerengera kuti chizindikiro chilichonse chisunthe mamilimita angati. Pali malamulo awiri oonera ngati masamu ayenda. Mukaphatikiza versine zonse zofunika, zifanane ndi kuphatikiza kwa zoyezedwa, chifukwa ngodya ya pakati pa njanji ziwiri zowongoka za kumapeto simungaisinthe. Ndipo pa chizindikiro chomaliza kusuntha kukhale 0, apo ayi mwapotoza njanji yowongoka ya kutsogolo. Pa mlatho, pa pulatifomu ndi podutsa msewu njanji siyingasunthe momasuka, choncho malo amenewo amayamba awalemba kuti ndi okhazikika.

Chenjezo lalikulu ndi kutentha. Mukakankhira kona yonse mkati, njira yafupika koma chitsulo chikadali chachitali momwe chinalili, ndiye chimapanikizika. Pa zitsulo zowotcherera, zopanda mipata polumikizira, kukankhira mkati kona ya mamita 400 ndi mamilimita 50 kumapanikiza chitsulo ngati kuti chatenthedwa ndi madigiri ena pafupifupi 11. Onjezerani dzuwa la mu Okutobala, pamene chitsulo chimatentha kuposa mpweya ndi madigiri ochuluka, komanso miyala ya kwale imene mwangoitakasa ndipo sinagwirane. Zikakumana zitatuzi njanji imatha kupindika mwadzidzidzi ngati njoka, nthawi zambiri sitima ili pamwamba pake. N'chifukwa chake pulani yabwino imasakaniza kukankhira mkati ndi kunja kuti zilingane, ntchito imachitika kukadali kozizira, miyala imabwezeredwa yodzaza kumapeto kwa masilipa (mitanda yopingasa imene zitsulo za njanji zimakhalapo), ndipo sitima zoyamba zimadutsa pang'onopang'ono.

Makina akuluakulu opakira miyala pansi pa masilipa, monga a Plasser & Theurer a ku Austria, amayezanso ndi chingwe chomwechi, kungoti chili pansi pa makinawo ndipo kompyuta ndiyo imawerenga. Dziwaninso kuti chingwe chili ndi khungu lake. Njanji ikapindikapindika mobwereza pa mamita 10 aliwonse, chingwe cha mamita 20 chimawerenga ngati zonse zili bwino, chifukwa nsonga ziwiri ndi pakati zonse zimagwera pa nsonga za mapindikidwewo. Ikamabwereza pa mamita 20, chimaonetsa vutolo kuwirikiza kawiri. Choncho ngolo zoyezera njanji zimayeza pa malo osakhala pakati penipeni pa chingwe, kapena zimagwiritsa ntchito zipangizo zomva kugwedezeka ndi kutembenuka. Diso la kapitawo woyang'ana motsatira chitsulo atagwada likadali lofunika.

Funso: Sitima ikafika pa kona imapendekera mbali imodzi, ndipo tsiku lina itaima pa kona ndinaona ngati igwa. Kodi njanji inatitimira? (Mayi wokwera sitima, Nayuchi)

Yankho: Mayi, kawirikawiri kupendekako n'kochita kufuna. Chitsulo chakunja amachikweza dala kuposa chamkati, monga momwe wapanjinga amapendekera mkati akamakhota. Amisiri amati cant, a ku America amati superelevation, ndipo amayeza ndi chitsulo choyezera geji (mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji) chokhala ndi levulo. Apa ndi pamene nambala ya kona ija imagwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa kukweza ndi liwiro zonse zimachokera pa rediyasi.

Kukweza kolingana ndi liwiro amakupeza chonchi: liwiro la makilomita pa ola kuchulukitsa ndi ilo lomwe, kuchulukitsa ndi mtunda wa pakati pa mitu ya zitsulo ziwiri m'mamilimita, kugawa ndi 127, kugawanso ndi rediyasi. Njanji za ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi za geji ya mamilimita 1,067, ndipo pakati pa mitu ya zitsulo pali pafupifupi mamilimita 1,130. Pa kona ya mamita 400, sitima yothamanga makilomita 60 pa ola imafuna mamilimita 80. Ya makilomita 80 pa ola imafuna 142. Liwiro langokwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma kukweza kofunika kwatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Simungangokweza mmene mwafunira. Sitima imatha kuima pa kona, monga munaoneramo, ndipo ikapendeka kwambiri, mphepo yamphamvu yochokera kunja kwa kona ikhoza kugwetsera mabogi opepuka mkati. Sitima za katundu zoyenda pang'onopang'ono zimatsamira chitsulo chamkati n'kuchiphwanya mutu. Malire amatengera kutambalala kwa njanji. Ku Japan, pa njanji za mamilimita 1,067, malire ndi mamilimita 105. Ku Britain, pa geji ya 1,435, ndi 150. Pa Tokaido Shinkansen, njanji ya sitima zaliwiro ya ku Japan, amafika 200, chifukwa pamayenda sitima zothamanga zokhazokha. Pa njanji imene pamadutsa sitima za anthu ndi za katundu, amasankha kukweza kwa pakatikati, n'kulola kuti kukwezako kuperewere pang'ono kwa sitima yothamanga. Ku America kupereweza kololedwa mwachizolowezi ndi mainchi 3, pafupifupi mamilimita 75. Kukweza kumene kulipo kuphatikiza kupereweza kololedwa ndiko kumabala nambala ya liwiro imene dalaivala amaiona pa chikwangwani.

Chikwangwanicho si chokongoletsa. Pa 25 Epulo 2005, ku Amagasaki m'dziko la Japan, pa njanji ya geji yofanana ndi yathu, sitima ya anthu inalowa pa kona ya mamita 304 ikuthamanga makilomita pafupifupi 116 pa ola pamene malire anali 70. Liwiro limenelo likanafuna kukweza kwa mamilimita pafupifupi 390. Sitimayo inagubuduzikira kunja n'kuomba nyumba yosanja, ndipo anthu 107 anamwalira. Pa 24 Julaye 2013, pafupi ndi Santiago de Compostela ku Spain, sitima inagwa pa kona ya malire a makilomita 80 pa ola ikuthamanga 179. Pofuna kuthamanga, njira yaikulu ndi kumasula makona: Tokaido Shinkansen, imene inatsegulidwa mu 1964, inamangidwa ndi makona a mamita 2,500, ndipo njanji za ku China za makilomita 350 pa ola zimafuna mamita 7,000.

Kukwezako sikuyamba mwadzidzidzi. Pakati pa njanji yowongoka ndi kona yeniyeni pamakhala chigawo cholowera, pamene kukhota ndi kukweza zimakulira limodzi. Mukayeza chigawo cha mamita 50 cholowera mu kona ya mamita 400, versine zimakwera ngati masitepe ofanana, pafupifupi 25, 50, 75, 100, mpaka 125, ndipo kukweza kumawonjezeka mamilimita 16 pa mamita 10 aliwonse mpaka 80. Chigawochi chikafupika kwambiri, njanji imakhala yopotoka, ngolo yolimba imatsala yaponda ndi mawilo atatu, ndipo wilo lopepukalo limakwera chitsulo. Kutitimira kwenikweni kumachitikanso, makamaka m'nyengo ya dzinja madzi akamaima m'miyala. Kumadziwika ndi kugwedeza kwadzidzidzi pa malo amodzi, osati kupendeka kosalala kwa kona yonse.

Funso: N'chifukwa chiyani sitima imalira mokwekwesa pa makona othina, ndipo imaoneka kuti ikuvutika kukoka? (Wowerenga, Kapiri Mposhi)

Yankho: Mawilo awiri a sitima ndi omangidwa pa ekiselo imodzi ndipo amazungulira limodzi, pamene chitsulo chakunja n'chachitali kuposa chamkati. Pa geji ya 1,067, njanji ikatembenuka madigiri 90, wilo lakunja liyenera kuyenda pafupifupi mamita 1.8 kuposa lamkati. Pofuna kuthana nazo, popondera pa wilo amapasema motsetsereka, kawirikawiri 1 pa 20, kuti likhale lalikulu kufupi ndi mlomo, laling'ono chakunja. Pa kona mawilo amasunthira kunja, lakunja limaponda ndi mbali yake yaikulu, lamkati ndi yaing'ono, ndipo amakhota okha. Pa makona omasuka zimenezi zimakwanira. Pa othina, malo osunthira amatha, mlomo wa wilo umakhula chitsulo chakunja, wilo lamkati limaterereka, ndipo phokoso lija limayamba.

Mankhwala ake ndi odziwika. Amaika timakina topaka girizi m'mbali mwa chitsulo chakunja, kona isanayambe. Girizi akakwera pamwamba pa chitsulo ndiye vuto lina, chifukwa mawilo a injini amaterereka ndipo mabuleki sagwira. Pa makona othina kwambiri amatambasula geji ndi mamilimita ochepa kuti mawilo asapanike. Ku Britain, kona ya matcheni 10 kapena kucheperapo, pafupifupi mamita 200, pa njanji ya sitima za anthu imaikidwa chitsulo chachitatu pambali pa chamkati, chimene chimagwira kumbuyo kwa wilo lamkati kuti lakunja lisakwere.

Za kukoka mwaona bwino. Kona imalemetsa sitima ngati chitunda. Ku America, komanso pa njanji yotambalala ya ku India, amawerengera kuti digiri iliyonse ya kona ikufanana ndi chitunda cha 0.04 peresenti. Ngati injini zinawerengeredwa kukoka pa chitunda cha 1 peresenti, pa kona ya madigiri 8 chitundacho amachichepetsa ndi 0.32, chikhale 0.68. Akaiwala zimenezi, sitima yodzaza imakanika pa kona pomwepo. Ndipo dalaivala akakoka mwamphamvu pa kona yothina, mabogi opanda katundu ali kutsogolo, olemera ali kumbuyo, sitima imafuna kuwongoka ngati chingwe, ndipo opepukawo amadumphira mkati mwa kona. N'chifukwa chake polumikiza sitima yaitali mabogi olemera amawaika kufupi ndi injini.

Funso: Pa siteshoni ya Bank kuno ku London amachenjeza za mpata wa pakati pa sitima ndi pulatifomu. Analephera kuyeza? (Wowerenga, London)

Yankho: Anayeza bwino. Pulatifomu ya Central line, njanji ya pansi pa nthaka, pa siteshoni imeneyo ili pa kona yothina, ndipo bogi ndi yowongoka, siyipindika. Imakhala ngati chingwe chathu chija: pakati pake pamalowa mkati mwa kona, nsonga zake zimatulukira kunja. Masamu ake ndi a versine omwe aja. Ngati magulu awiri a mawilo a bogi atalikirana mamita 16, pa kona ya mamita 200 pakati pa bogi pamasunthira mkati ndi 16 kuchulukitsa 16, kugawa ndi 8, kugawanso ndi 200, zomwe ndi mamilimita 160. Pa kona ya mamita 100 ndi mamilimita 320. Pulatifomu ya mkati mwa kona amaibweza m'mbuyo kuti pakati pa bogi pasakhule, ndiye mpata waukulu umakhala pa zitseko za kumapeto. Ikakhala kunja kwa kona, amaibweza chifukwa cha nsonga za bogi, ndipo mpata waukulu umakhala pa zitseko za pakati. Pa chifukwa chomwechi, njanji ziwiri zoyandikana amazitalikitsa pa kona kuposa powongoka, ndipo kampani isanagule mabogi aatali kuposa akale imayamba yayezanso mapulatifomu, milatho ndi ngalande za m'mapiri zonse zimene zili pa makona.